Dontho Limodzi ku Senga Bay

Ntchito yanga ndi kukolopa.
Ndimatsuka mabotolo, ndimapukuta timagalasi,
ndimakhuthulira m'sinki madzi amene ophunzira athana nawo.
Zaka zinayi ndakhala ndikutaya madzi
osadziwa kuti ndikusamutsa midzi.

Lachitatu magetsi atathima
a Chimbalanga anakankhira makina awo pawindo,
kagalasi kapansi nakalozetsa kudzuwa.
Asiyatu, tasiya chikolopacho, dzaone.
Ndinapukuta manja m'chitenje,
ndinatsinzina diso limodzi ngati wolowetsa ulusi pasingano.

Poyamba mbee, kuyera kokhakokha.
Kenaka kanthu tsalu!
Diso limodzi pamphumi, lofiira,
nyanga ziwiri zotalika ngati thupi lomwe,
kuyenda, kuima, kuyendanso
ngati minibasi yosaka anthu pamsewu wa ku Salima.
Kena kanadutsa ndi matumba awiri a mazira m'chiuno,
mayi wochokera kuchigayo ndithu.
Kachitatu kanalibe chobisa:
ndinaona mtima wake ukugunda,
matumbo ali biriwiri ndi zimene kanadya m'mawa.

Ndinafunsa, timadya chiyani timeneti?
Anati ndere, yosaoneka ndi maso,
imene chakudya chake ndi dzuwa.
Nanga ito timadyedwa ndi yani?
Anaseka. Funsa mchimwene wako.

Mchimwene wanga ndi Twaibu, siginala,
amene amakhala m'bwato la nyali usiku wonse
kunyengerera usipa kuti ulowe m'chilimila.
Iye amati usipa umadya madzi.
Bambo athu ankatero, anapita akutero.

Koma ndamva tsopano kuti kukada
tinthu timeneti timakwera kuchoka kuya,
miyandamiyanda, popanda wotiimbira likhweru,
kudzadya pamwamba pomwe maso a adani sakuona;
kukacha timatsikanso kumdima.
Mphutsi za nkhungu zimatidikira panjira.
Usipa umameza ito ndi mphutsi zomwe.
Ncheni imameza usipa,
nkhwazi imatola zimene yatola,
ndipo wotsala umagona pathandala la mlamu wanga,
nkulowa m'chigoba, nkukwera lole ya ku Lilongwe,
nkubwerako uli yunifolomu ya Shakira
ndi makope anayi, kotsala sopo.

Ndiye kuti mwana wanga amavala kanthu ka diso limodzi.
Ndiye kuti chaka chija usipa unasowa,
Twaibu nagulitsa nyali ziwiri ndi wailesi,
mwina njala inayambira pansi apa,
pomwe palibe anapita kukapepesa maliro.

A Chimbalanga akuti tilibe mphamvu yolimbana ndi mafunde.
Mwera ukawomba timapita kumene mwera wafuna.
Ndinangoti chete.
Inenso ku Chia sindinachokeko ndi mapazi anga:
linanditenga banja, linandisiya pano,
ndipo ndidakali kupalasa timanja tanga
m'madzi amene sindinasankhe.
Pali amene amadya mwa ine, ndikuwadziwa mayina.

Magetsi anayaka itakwana leveni.
Anandipatsa botolo lija, wakatsuke.
M'sinki munali mbee, mukudikira.

Ndinatuluka nalo kuseri,
kudutsa pamaukonde ong'ambika ndi injini yakufa,
mchenga ukuwotcha kupyola m'mapatapata.
Mlonda, a Mdoka, anakuwa ali pamthunzi:
Mayi, nyanja yachepa madzi kodi?
Ndinalowa mpaka m'mawondo,
ndinapendeketsa botolo pang'onopang'ono.
Panalibe choona. Madzi analowa m'madzi.

Ndikudziwa, usipa utidya sabata isanathe.
Ndicho ndikufuna.
Fizi ya teremu ino sindinamalize.